KUPHUNZITSA ANA MAU OFANANA MATANTHAUZO

Abale ndi alongo amene mumatsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba m'mipingo mwathu, ambiri a inu simuphunzitsa akuluakulu okha. Akaweruka ku sukulu ya boma, ana a kalasi 4, 5 ndi 6 amabwera kudzakhala pa mabenci omwe aja amakhalapo amai ao, ndipo naonso amafuna thandizo lanu. Nkhani yathu ya mwezi uno ikunena za ana amenewa. Tikambirane za phunziro limodzi looneka lopepuka, koma limene kawirikawiri limaphunzitsidwa mwa njira yosapindulitsa: phunziro la mau ofanana matanthauzo, amene pa Cipwitikizi amati sinónimos.

Cifukwa ninji ana a msinkhu uwu?

Mwana wa kalasi 5 anadziwa kale kulumikiza zilembo. Cimene cimamsowa tsopano ndi mau. Ku sukulu maphunziro ambiri amawamva m'Cipwitikizi, ndipo tsiku lirilonse amatola mau atsopano a cinenero cimeneco. Zimenezo n'zabwino, sitikuzitsutsa ai. Koma Cinyanja cake cimaima pamene cinafika ali ndi zaka 7 kapena 8. Thupi likukula, nzeru zikukula, cinenero ca kwao ciri pomwepo.

Zoona, Cinyanja cinalowako m'sukulu za boma. Kuyambira mu 1993 kufikira mu 1997 panali nchito yoyesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, yodziwika ndi dzina loti PEBIMO, ndipo Cinyanja ndico cinasankhidwa ku Tete. Mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayamba m'sukulu zina za dziko lathu. Koma si sukulu zonse ziri nao, ndipo ngakhale kumene aliko, mwana akamakwera makalasi Cipwitikizi cimanka cilanda malo. Tsono malo otsala okulitsira Cinyanja ca mwana wotere ndi pakhomo ndi m'kalasi mwanu.

Wina angafunse kuti, nanga cavuta n'ciani, si amamvana ndi makolo ake? Taganizani za mwana amene waperekeza agogo ake ku cipatala, kumene namwino ndi wocokera cigawo cina ndipo sadziwa Cinyanja. Womasulira ndi mwanayo. Agogo akuti m'mimba mukupota, kapena m'nthiti mukubaya, kapena m'thupi mukuphwanya, kapena miyendo yacita dzanzi. Awa ndi madandaulo anai osiyana, ndipo namwino akawamva bwino adzafufuza mosiyana. Koma mwana amene m'mutu mwake muli liu limodzi lokha, kuwawa, adzamuuza namwinoyo liu limodzi lokhanso, "dói", basi. Ana omwewa ndiwo amatumidwa kukanena uthenga wa maliro, ndiwo amalembera makolo makalata, ndipo posacedwa ndiwo adzaimirire kuwerenga Mau a Mulungu pamaso pa mpingo. Kusankha liu loyenera si masewera kwa iwo.

Mizere iwiri ya pa bolodi

Njira imene ambiri timaipeza m'makalasi ndi iyi. Mphunzitsi amagawa bolodi pakati, kumanzere n'kulemba kufa, kuona, kunyamula. Kumanja n'kulemba kumwalira, kupenya, kusenza. Pakati pake n'kuika timizere tiwiri tija ta masamu totanthauza kuti n'zofanana. Ana amakopera, amaloweza, mawa lake amayankha, mphunzitsi n'kuconga. Kalasi yonse yakhoza.

Ife tikuti timizere tiwirito timanama. M'masamu 2 kuphatikiza 2 ndi 4 kulikonse, m'mawa ndi madzulo. Mau satero. Mau ofanana matanthauzo ali ngati abale a bere limodzi: nkhope n'zofanana, koma aliyense ali ndi nyumba yake ndi munda wake. Mwana amene waphunzira kuti kufa ndi kumwalira n'cimodzimodzi adzalemba kuti nkhuku yathu yamwalira, anthu n'kuseka. Kapena adzafika pa khomo la eni ake n'kunena kuti agogo afa, anthu osaseka konse. Cimene tifuna kuti mwana adziwe si cakuti mau awa ndi apacibale cokha, koma kuti lirilonse limakhala pati.

Yambani ndi nchito, osati ndi mndandanda

Phunziro loyamba litengeni pa nchito imene ana amaidziwa ndi manja ao. Ife timakonda kuyamba ndi madzi. Bwerani ndi beseni, mbale imodzi ndi kansalu. Muitane mwana mmodzi, mumpatse mbale, acite ngati akuiyeretsa, ndipo mufunse anzake kuti akutani. Adzati akutsuka. Mumpatse nsalu: akucapa. Apake madzi kumaso ngati wangodzuka: akusukusula. Adzithire thupi lonse: akusamba. Aviike nsalu ija m'madzi oyera kucotsa thovu: akutsukuluza. Musanalembe kanthu pa bolodi, ana apereka okha mau asanu, ndipo Cipwitikizi cikhoza kuwakuta pafupifupi onsewo ndi liu limodzi lija, lavar.

Mukatero lembani ziganizo zao, ciganizo cimodzi pa liu lirilonse. Kenaka citani cinthu cimene ndico mtima wa phunziro lonse: sinthanitsani mauwo mwadala. Werengani mokweza kuti, "Amai akucapa mbale." "Mlongo wanga akusukusula malaya." Ana adzaseka, ndipo musawaletse. Kusekako kukusonyeza kuti khutu lao likudziwa kale lamulo limene pakamwa pao sipanathe kulinena. Nchito yanu ndi kufunsa kuti, mwaseka ciani? Calakwika n'ciani? Mwana wina adzati timacapa zinthu zansalu. Wina adzati kusukusula n'kwa kumaso kokha. Lembani mayankhowo m'mau a anawo, ngakhale akhale opotoka pang'ono. Tanthauzo limene mwana walipeza yekha limakhalitsa kuposa limene wakopera.

Sabata yotsatira tengani banja la kunyamula. Apa palibenso cofunika kubwera naco, katundu ndi buku kapena dengu. Kusenza n'kwa pamutu, kubereka n'kwa kumbuyo, kuyangata n'kwa m'manja monga ticitira ndi khanda, kupacika n'kwa paphewa monga khasu popita kumunda. Kunyamula ndiye mkulu wao, amalowa m'malo mwa onse, koma akalowa cithunzi cimazilala. "Ananyamula mtsuko" sakutiuza zambiri. "Anasenza mtsuko" tamuona kale mai uja akucokera ku citsime. Pamenepa mwana wocenjera adzakukumbutsani kuti kubereka kumatanthauzanso kubala mwana. Muyamikireni, mumuuze kuti wapeza cinthu cina, liu limodzi la matanthauzo awiri, ndipo muzisunge za tsiku lina kuti phunziro lisasokonekere.

Banja la kudula anyamata amalikonda: kutema mtengo ndi nkhwangwa, kuwaza nkhuni, kusadza nthambi, kumweta udzu, kuceka nyama ndi mpeni, kumeta tsitsi. Mukafika apa njira mwaidziwa, simufunanso kuti tikufotokozereni.

Mau a ulemu

Pali kusiyana kwina kumene sikuoneka ndi maso, ndipo pamenepa tikupemphani mukhalitsepo. Mau ena amasiyana osati cifukwa ca nchito, koma cifukwa ca amene tikumunena ndi amene akutimva.

Mbuzi imafa, mtengo umafa, moto umafa. Munthu amamwalira. Ndipo pa khomo pamene pagwa zovuta timafewetsanso kuposa apo: atisiya, atsogola, atsikira kuli cete. Onsewa akunena cinthu cimodzi, koma mwana ayenera kudziwa kuti liu lina ndi la m'kalata yodziwitsa abale, lina ndi la pamaso pa ofedwa, lina ndi la ziweto. N'cimodzimodzi kunona ndi kunenepa. Nkhumba imanona, nyama ya pa moto imanona, munthu amanenepa. Mwana akauza azakhali ake kuti mwanona, wawaika m'khola. Ng'ombe imaswa, mai amabereka, ndipo akabereka bwino timati acira. Za mai amene akudikira mwana, pagulu timati ali ndi pakati kapena ndi woyembekezera, pamene liu lija la mimba limamveka lokhadzula m'kamwa mwa mwana.

Phunziro ili silitheka ndi beseni. Limatheka ndi kasewero. Mwana mmodzi akhale mfumu, wina akhale mnzake wosewera naye, wina akhale mai wofedwa. Wacinai apatsidwe uthenga umodzi womwewo kuti akaunene kwa onse atatu. Anzake amvetsere ndi kuweruza ngati wasankha bwino. Mudzaona kuti atsikana amene amakhala nthawi yambiri pafupi ndi amai ndi agogo kawirikawiri amatsogola pa phunziro ili, ngakhale amene pa kulemba amatsalira. Apatseni mpata, tsiku limenelo ndi lao.

Meza, tebulo, gome

Kusiyana kwacitatu n'kwa malo, ndipo kwa ife kuno kuli ndi mbiri yake. Pa nthawi ya nkhondo anthu oposa 1 miliyoni a dziko lino anathawira ku Malawi, ambiri a iwo ocokera m'maboma athu a m'malire monga Angónia, Tsangano ndi Milange. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anayamba kubwerera, ndi ana amene anabadwira kapena kuphunzira kumeneko. Ana ajawo lero ndi makolo a ophunzira athu. Ndiye m'kalasi imodzi mumapezeka mwana wonena tebulo ndi wina wonena meza, wina botolo wina garafa, wina kope wina kaderno, wina sopo wina sabau. Oyambawo anacokera ku Cingerezi kudzera ku Malawi, enawo ku Cipwitikizi. Ndipo pambali pali gome, liu limene ana ambiri amangolimva pa tsiku la Mgonero.

Amenewa ndiwo mau amene amayandikira kwenikweni kufanana kotheratu, pakuti meza ndi tebulo ndi cinthu cimodzi ca miyendo inai. Komabe sakhala malo amodzi: lina limamveka msanga ku Ulongwe, lina kutsidya kwa malire. Pempho lathu ndi lakuti musaconge liu la mwana kuti n'lolakwa cifukwa cakuti kwanu simutero. Mwana amene wauzidwa kuti liu la amai ake n'lolakwa amatseka pakamwa, ndipo sabweretsanso liu lina. Lembani onse pa bolodi, mufunse kuti ili amanena ndani, kuti? Mukatero muwaphunzitse funso limene wolemba aliyense amadzifunsa: amene adzawerenge kalatayi ali kuti, ndipo adzamva liti?

Alipo ena amene amafuna kuti mau onse obwereka acotsedwe kuti Cinyanja cikhale coyera. Ife sitigwirizana nazo kwenikweni. Nsapato, kalata ndi mbatata ndi mau ocokera ku Cipwitikizi, koma anakhazikika kalekale kotero kuti ndi ku Malawi komwe amawayesa ao. Cimene tingadandaule naco si kubwereka, koma kuiwala: mwana adziwe meza, koma gome asalitaye.

Msampha: dzina la banja ndi maina a ana

Mukawafunsa ana a ku Metangula kapena ku Cóbuè liu lofanana ndi nsomba, adzakupatsani usipa, utaka, kampango, cambo. Mukafunsa lofanana ndi mphepo, adzati mwera, mpoto. Mayankhowa ndi cuma, koma si mau ofanana matanthauzo. Nsomba ndi dzina la banja lonse, usipa ndi mwana mmodzi wa m'banjamo. Muyeso wake ndi wapafupi ndipo ana amaugwira msanga: usipa uliwonse ndi nsomba, koma kodi nsomba iriyonse ndi usipa? Akati ai, ndiye kuti mauwo sangasinthane mbali zonse ziwiri.

Mvula nayo iri ndi ana ake: mvumbi wosakata masiku angapo, cizimalupsa cogwa poyamba maudzu atapsa, ndi ciperoni ca nkhungu ndi kuzizira m'miyezi ya cisanu. Pano tinenepo kuti dzina la ciperoni linacokera ku phiri la Chiperone m'boma la Milange, mbali imene nyengoyo imacokera kwa anthu a kum'mwera kwa Malawi. Ana amakondwa kumva kuti phiri la kwathu linapereka liu ku cinenero conse.

Mau a m'nyumba ya Mulungu

Popeza makalasi athu ndi a mpingo, sitingalumphe mau amene ana amawamva Lamulungu lirilonse osawasiyanitsa. Cisomo, cifundo ndi cisoni ambiri amawayesa amodzi, ngakhale akuluakulu. Cisoni ndi cimene timamva mumtima pa maliro kapena poona mnzathu akuvutika. Munthu akhoza kumva cisoni n'kungodutsa. Cifundo cimatambasula dzanja: cimathandiza wovutika, cimaleka kulanga wolakwa. Cisomo, monga timaphunzitsira m'mpingo, ndi mphatso imene Mulungu amapatsa munthu wosaiyenera. Mwana wa kalasi 6 akhoza kumva kusiyana kumeneku mukampatsa nkhani zitatu zazifupi za m'mudzi n'kumufunsa kuti iyi ndi ya liu liti. Momwemonso kupempha, kupemphera ndi kupembedza: timapempha mcere kwa mnansi, timapemphera kwa Mulungu, ndipo kupembedza n'kokulirapo, kukuphatikiza nyimbo, zopereka ndi moyo wonse wa munthu pamaso pa Iye.

Ngati pa mpingo panu pali mabaibulo awiri osiyana, muli ndi buku la phunziroli kale m'manja. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, Buku Loyera mu 1998, ndipo omasulira ake sanasankhe mau amodzimodzi. Citsanzo codziwika ndi dzina la Mulungu m'Cipangano Cakale: pamene loyamba likuti Yehova, laciwiri likuti Cauta. Sankhani ndime yaifupi, ana awiri awerenge, wina m'buku ili wina m'buku ilo, ndipo anzao alembe mau amene asiyana. Kenaka funsani: liti mwalimva msanga? Liti agogo anu angalikonde? Musalole kuti zisanduke mlandu woti Baibulo labwino ndi liti. Colinga ndi cakuti ana aone kuti anthu akuluakulu ophunzira anakhala pansi zaka zambiri akucita nchito yomweyi imene iwo akucita, yoyeza mau awiri apacibale ndi kusankhapo limodzi.

Kope la mau la kalasi

Mabuku otanthauzira mau a cinenero cathu alipo. David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa lake la Cimang'anja mu 1892. Ansembe a Cijezuiti anatulutsa la Cinyanja ndi Cipwitikizi mu 1963. Ku Malawi mu 2000 kunatuluka Mtanthauziramawu wa Chinyanja, lotanthauzira Cinyanja m'Cinyanja momwe. Koma tikudziwa kuti m'makalasi ambiri a kumidzi mabuku otere safika. Musadikire. Gulani kope limodzi, likhale la kalasi yonse, ndipo tsamba lirilonse likhale la banja limodzi la mau.

Pa liu lirilonse palembedwe zinthu zitatu: liulo, ciganizo cimene mwana walimva likugwira nchito, ndi kumene limanenedwa kapena amene amayenera kulinena. Liu lopanda ciganizo lisalowe m'kopemo. Olemba akhale anawo mosinthana, inu muzingoona kalembedwe.

Mau ambiri adzacokera kunyumba. Lacisanu mutume ana ndi funso limodzi lokha, osati asanu. Mwacitsanzo: kafunseni akuluakulu mau onse onena za kukwiya. Lolemba adzabwera ndi kupsa mtima, kukalipa, kuipidwa, kunyanyala, ndi ena amene mwina inu simunawamvepo. Pamenepo ndi poyambira kufunsa: wonyanyala amalankhula kodi? Wokalipa angathe kukhala cete? Ndani wapsa mtima msanga, ndani wasunga mkwiyo? Pa sabata imodzi banja limodzi la mau asanu kapena asanu ndi limodzi n'lokwanira. Kuposa apo mukungodzaza dengu lobooka. Ndipo musanayambe banja latsopano, bwererani kwa mphindi zocepa ku la sabata yatha.

Makolo ena adzadandaula kuti mukutaya nthawi ya ana ndi Cinyanja pamene mayeso a boma ali m'Cipwitikizi. Ayankheni mofatsa, pakuti nkhawa yao ndi yoona. Muwaonetse kuti cizolowezi cofunsa kuti liu ili limakhala pati cimagwira nchito m'zinenero zonse ziwiri. Ife tiri ndi kudziwa, Cipwitikizi ciri ndi saber ndi conhecer, ndipo mwana ayenera kusankha. Ife tiri ndi kumva, iwo ali ndi ouvir, sentir ndi entender. Pa kucapa ndi kutsuka Cinyanja ndico cinali ndi mau ambiri. Apa Cipwitikizi ndico ciri nao. Mwana amene anaseka "akucapa mbale" sadzavutika kumvetsa cifukwa cake mphunzitsi wa ku sukulu akukana "sei o teu pai".

Poyesa ana

Pofuna kuona ngati ana amva, musafunse kuti, lembani liu lofanana ndi ili. Funso lotere likutibwezera ku mizere iwiri ija. M'malo mwake lembani kankhani ka ziganizo zisanu kapena zisanu ndi cimodzi m'mene liu limodzi labwerezedwa dala: Atate anadula mtengo, anadula nthambi zake, anadula nkhuni, amai anadula udzu, kenaka anadula tsitsi la mwana. Ana alembenso, aliyense posankha liu loyenera malo ake. Kapena muwapatse nchito yeniyeni: alembe uthenga wa mizere itatu wodziwitsa amalume a kutali kuti agogo amwalira, ndi wina wodziwitsa mnzao kuti galu wa pakhomo wafa.

Poconga, mwana akasankha liu losiyana ndi limene munali nalo m'mutu, muyambe mwamufunsa cifukwa cake musanagwiritse colembera cofiira. Nthawi zina adzakhala atalakwa. Nthawi zina adzati kwathu timatero, ndipo ana awiri atatu adzamuvomereza. Zikatero liulo lipite m'kope la kalasi. Ndipo akuluakulu a midzi iwiri akatsutsana pa tanthauzo la liu limodzi, monga zimacitikira kumene Angoni ndi Acewa akhala moyandikana, lembani matanthauzo onse awiri, lirilonse ndi dzina la mudzi wake pambali.